Tulo tilipo, bedi lilipo, koma sitigona: chimachitika n'chiyani?

Pali anthu amene amagona mochedwa chifukwa alibe pothawira. Mlonda, namwino wa shifiti ya usiku, mayi amene khanda lake likulira, munthu wokhala kudera kumene madzi amatuluka pampopi pakati pausiku pokha, telala amene akudikira kuti magetsi ayake amalize mayunifolomu a ana a sukulu. Palinso odwala vuto losowa tulo, amene amapita pabedi nthawi yabwino koma n'kumangotembenuka mpaka tambala kulira. Nkhani ino sikunena za amenewa. Ikunena za gulu lina, lalikulu ndithu, la anthu amene tulo ali nato, palibe akuwaletsa kugona, akudziwanso bwino kuti 7:30 m'mawa ayenera kukhala atafika kuntchito, koma 12 koloko imawapeza ali maso, chala chikungotsetsereka pafoni.

Akatswiri a za maganizo anayamba kulisamala khalidweli mu 2014, pamene Floor Kroese ndi anzake a pa yunivesite ya Utrecht ku Netherlands analemba kuti uku ndi kuzengereza kwenikweni, kungoti chimene chikuzengerezedwa ndi kugona. Zizindikiro zake anati ndi izi: munthu wagona mochedwa kuposa mmene iye mwini anafunira, palibe chomukakamiza chochokera kunja, ndipo akudziwa kuti mawa avutika nazo. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri timazengereza zinthu zowawa, monga kulemba lipoti kapena kukakumana ndi munthu amene tili naye ngongole. Tulo si towawa. Aliyense amatikonda, ndipo m'mawa amatikakamira. Choncho chimene munthu akuthawa usiku si tulo ayi. Akuthawa kusiya chimene akuchita, ndipo nthawi zina akuthawa mawa lenilenilo.

Koma tisanafike kumaganizo tiyambe ndi thupi, chifukwa mbali ina ya nkhaniyi ili m'magazi. Mu 1982, Alexander Borbély wa ku Zürich anafotokoza kuti tulo timayendetsedwa ndi zinthu ziwiri, chilichonse chogwira ntchito pachokha. Choyamba ndi kuunjikana kwa tulo. Kuyambira pamene mwadzuka, mu ubongo mumayamba kuchuluka adenosine, chinthu chimene chimatsalira maselo akamagwiritsa ntchito mphamvu. Akachuluka zikope zimalemera, mukagona amachepa. Caffeine wa mu khofi, mu tiyi ndi mu zakumwa zopatsa mphamvu zija sachotsa adenosine, amangotseka malo amene adenosine amakakhala kuti ubongo usamve kuti watopa. Ndipo caffeine sachoka msanga. Pamatenga pafupifupi maola 5 kuti theka lake lituluke m'thupi, kotero kuti tiyi wa masamba ambiri amene mwamwa 5 koloko madzulo, theka la mphamvu yake likadali m'magazi 10 koloko usiku.

Chachiwiri ndi wotchi ya m'thupi. Iyi ndi kagulu ka maselo pafupifupi 20,000 kamene kali mkati mwa ubongo, pamwamba pang'ono pa malo amene mitsempha yochokera kumaso awiri imadutsana. Kamamva kuwala kudzera m'maso, ndipo kukada kamalola thupi kutulutsa melatonin, timadzi todziwitsa ziwalo zonse kuti usiku wafika. Mmene wotchiyi imayendera m'kati mwa selo anazitulukira ndi Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young pofufuza tintchentche ta pazipatso, ndipo analandira nazo mphoto ya Nobel mu 2017. Mu 1999 gulu la Charles Czeisler ku Harvard linapeza kuti tsiku la wotchiyi si maola 24 ndendende, koma limapitirirako ndi mphindi pafupifupi 11 kwa anthu ambiri. Zikumveka zazing'ono, koma tanthauzo lake n'lakuti thupi likasiyidwa palokha limakonda kutsetserekera kochedwa, ndipo chimene chimalibweza tsiku ndi tsiku ndi kuwala kwa m'mawa.

Zinthu ziwirizi zimakokana, ndipo pakukokana kwake ndi pamene ambirife timanyengeka. Tulo tikamaunjikana masana onse, wotchi nayo imawonjezera mphamvu yotisunga maso kuti tisagwe dzuwa likadalipo. Mphamvu imeneyi imafika pachimake maola awiri kapena atatu nthawi yathu yogona isanakwane. Peretz Lavie wa ku Israel anaona zimenezi m'zaka za m'ma 1980: pali nthawi ya madzulo imene ngakhale munthu wotopa amavutika kupeza tulo. N'chifukwa chake munthu amene amawodzera pamsonkhano 2 koloko masana amapezeka wachangamuka 8 koloko usiku ngati wangodzuka kumene. Ngati wotchi yake inasunthira kale kochedwa, kuchangamukako kumabwera 10 kapena 11 koloko. Iye amati, "Ine mutu wanga umagwira usiku." Nthawi zina n'zoona. Nthawi zambiri kutopa kukadalipo, kwangophimbika.

Za kuwala kwa foni zanenedwa kwambiri, mwina mopitirira muyeso. Kafukufuku wotchuka ndi wa Anne-Marie Chang ndi anzake ku Boston mu 2015. Anthu 12 ankawerenga pa iPad maola 4 asanagone kwa masiku 5, kenako n'kuchitanso chimodzimodzi ndi buku la mapepala. Powerenga pa iPad, melatonin ankachedwa kutuluka ndi ola limodzi ndi theka, ndipo m'mawa ankadzuka ali olefuka. Koma nthawi yopezera tulo inangotalika ndi mphindi pafupifupi 10 basi, pambuyo pa maola 4 athunthu oyang'ana kuwala kotsegulidwa mpaka kumapeto. Ine ndimaona kuti amene amagula magalasi otchinga kuwala kwa foni n'kumapitiriza kuonera mavidiyo mpaka 1 koloko aphonya pamene pali vuto. Chimene chimadya tulo kwambiri si kuwala kwa foniyo, ndi zimene zili m'fonimo.

Kuti magetsi amasuntha nthawi yogona, umboni wake uli pafupi ndi kwathu kuno. Ku Milange, tauni ya ku Mozambique imene mumafika mukangodutsa chipata cha Muloza kuchokera ku Mulanje, Andrew Beale ndi anzake a pa yunivesite ya Surrey anayerekeza anthu a m'tauniyo, mmene muli magetsi, ndi a ku Tengua, mudzi wa m'boma lomwelo kumene kunalibe magetsi. Anawaveka timakina pamkono toyeza nthawi yogona ndi yodzuka, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2017. A m'tauni ankagona mochedwa ndi ola limodzi kuposa a kumudzi. Koma ankadzukanso mochedwa ndi ola limodzi, kotero kuti maola a tulo anali ofanana. A kumudzi, ngakhale ankagona msanga, tulo tawo tinali todukaduka, ndipo zimenezi zinkayendera limodzi ndi zinthu monga malo ogonapo komanso kuchuluka kwa anthu ogona chipinda chimodzi. Ndiponso zoti makolo ankagona dzuwa likangolowa si zoona kwenikweni. Jerome Siegel ndi anzake atayeza tulo ta Ahadza a ku Tanzania, Asan a ku Namibia ndi Atsimane a ku Bolivia mu 2015, anapeza kuti anthuwa, opanda magetsi, ankagona patatha maola oposa atatu dzuwa litalowa.

Mfundo ya ku Milange ija ndiyo msana wa nkhani yonseyi. Kugona mochedwa pakokha si tchimo, si ulesi, sikupha munthu. Vuto limabadwa pamene nthawi yogona yasuntha koma nthawi yodzuka yakana kusuntha. Belu la kusukulu, minibasi ya m'mamawa, bwana woyang'ana wotchi pakhomo, zonsezi sizifunsa kuti munagona nthawi yanji.

Nanga munthu wodziwa zonsezi amachedweranji? Chifukwa choyamba n'chakuti ubongo wa munthu umalemekeza za pompano kuposa za mawa. Akatswiri a zachuma ndi a za maganizo, monga George Ainslie ndi David Laibson, anasonyeza kuti phindu laling'ono limene lili pafupi limatikopa kuposa phindu lalikulu limene lili patali, ngakhale kutaliko kutakhala maola 6 okha. Vidiyo ina imodzi ili pano, m'manja. Mutu wolemera wa mawa ukuoneka ngati vuto la munthu wina. Ola limene mwadzitengera usiku lili ngati katapila: mumalipeza msanga, palibe wokufunsani mafunso, koma wobwereketsayo amafika m'mawa kudzatenga zake ndi chiwongoladzanja, ndipo madzulo ake mumakabwerekanso kwa yemweyo kuti muziziritse mtima.

Chifukwa chachiwiri n'chakuya kuposa pamenepa. Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl analemba mu 2013 kuti kuzengereza sikuchokera kwenikweni pa kusadziwa kugawa nthawi, koma ndi njira yothawira kumva kuwawa mumtima pakali pano. Taganizirani chimene chimachitika mukazimitsa foni. Kumakhala zii, ndipo zonse zimene munazikankhira pambali masana zimabwera: fizi ya mwana, lendi, mawu aja anakulankhulani bwana pamaso pa anzanu, m'bale wodwala kumudzi amene akudikira thandizo lanu. Foni imatsekereza zonsezo. Kuwonjezera apo, munthu amene ntchito yake imamuwawa amadziwa kuti akangotseka maso, chotsatira ndi alamu. Kukhala maso ndi njira yokhayo yochedwetsera mawa.

Chachitatu chinamveka kwambiri kuchokera ku China cha m'ma 2020. Kumeneko makampani ena, makamaka a zamakompyuta, ankagwiritsa anthu ntchito kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku, masiku 6 pasabata. Achinyamata ogwira ntchitozi anayamba kunena poyera kuti amachezera dala usiku pobwezera, chifukwa masana onse si awo. Izi sizifuna kuti munthu akhale ku Beijing kuti azimve. Tengani mayi wapantchito m'tauni. Wadzuka kusanache, wakoleza mbaula, watenthetsa madzi osamba, waphika phala, wathamangira minibasi. Tsiku lonse wayankha "chabwino bwana." Poweruka wadzera kumsika, wafika n'kuphika nsima, waona homuweki ya ana, watsuka mbale, wasita malaya a mawa. Mmene akukhala pansi ndi cha m'ma 10 koloko. Kuyambira m'bandakucha, ino ndi nthawi yoyamba imene palibe akumuitana dzina. Mukamuuza kuti "kagoneni msanga amayi," mukumuuza kuti tsiku lake lithe asanalilaweko n'komwe. Amatenga foni, n'kutsegula WhatsApp, ndipo sindingamuweruze. Kungoti amene akumubwezerayo sakumva kanthu, wolipira ndi iye yemwe 4:30 m'mawa.

Ndiye pali ena amene amapindula tikakhala maso. Mu 2017 Reed Hastings, yemwe anali mkulu wa Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, ananena poyera kuti kampani yake ikupikisana ndi tulo. Buku lili ndi mapeto a mutu, sewero la pawailesi limatha, koma TikTok, Facebook ndi YouTube anazikonza kuti pasakhale poimira. Ndipo si vidiyo iliyonse imene imasangalatsa: zitatu n'zachabe, yachinayi n'kukuseketsani mpaka misozi. B. F. Skinner anaonetsa kalekale, poyesa nkhunda ndi makoswe, kuti mphoto yobwera mosadziwika nthawi ndi imene imagwira nyama mwamphamvu kuposa mphoto yotsimikizika. Kwathu kuno onjezani mabandulo a usiku otsika mtengo, amene amachititsa kuti kugona kuoneke ngati kutaya ndalama, ndi mpira wa Champions League, umene miyezi yozizira ya ku Ulaya umayamba 10 koloko usiku nthawi yathu n'kutha cha m'ma 12, kukangana za penate kusanayambe.

Si onse ochedwa kugona amene akuzengereza, ndipo apa m'pofunika chilungamo. Anthu amabadwa ndi mawotchi osiyana. Kafukufuku wa mu 2019 wa anthu pafupifupi 700,000 anapeza malo 351 m'majini a munthu (malangizo a chibadwa amene timatengera kwa makolo) amene amakhudza zoti akhale wolawirira kapena wochedwa. Msinkhu nawo umasintha zinthu. Till Roenneberg wa ku Munich anasonyeza kuti wotchi ya mwana imayamba kusunthira kochedwa akamatha msinkhu, imafika pochedwetsetsa ali ndi zaka pafupifupi 20, kenako n'kuyamba kubwerera pang'onopang'ono. Mnyamata wa Fomu 3 amene sapeza tulo 9 koloko usiku ndipo amavuta kudzutsa m'mawa sikuti nthawi zonse ndi mwano. Roenneberg yemweyo anapereka njira yosavuta yodziyezera: onani nthawi imene mumagona ndi kudzuka masiku a ntchito, muyerekeze ndi masiku amene palibe chokudzutsani. Ngati zasiyana ndi maola awiri kapena kuposa, thupi lanu likukhala m'nthawi ziwiri zosiyana sabata iliyonse.

Tsopano funso la ntchito. Anthu ambiri ochezera amalumbira kuti usiku ndi pamene amagwira bwino, ndipo pali choonadi pang'ono. Usiku palibe foni yolira, palibe mlendo wogogoda, ana agona, ndipo miyezi yotentha ngati October kunja kumakhala kutazizirako. Mareike Wieth ndi Rose Zacks anapezanso mu 2011 kuti mafunso ofuna nzeru zotulukira mwadzidzidzi anthu amawayankha bwino panthawi imene ubongo wawo suli pachimake, mwina chifukwa maganizo amakhala omasuka kuyendayenda. Koma onani kuti zambiri mwa izi ndi phindu la bata, osati la usiku. Ndipo chiwerengero chimene wochezera amapanga chimakhala cha theka. Amawerenga masamba atatu amene walemba usiku, osawerenga maola a mawa amene adzakhale akuyang'ana kompyuta osalowetsa kanthu m'mutu.

Kafukufuku amene ndimaona kuti aliyense wodzitama kuti maola 6 amamukwana ayenera kumudziwa ndi wa Hans Van Dongen, David Dinges ndi anzawo ku yunivesite ya Pennsylvania mu 2003. Anatenga anthu 48 athanzi. Ena ankaloledwa maola 8 pabedi, ena 6, ena 4, kwa masiku 14 otsatizana, ndipo gulu lina linakhala masiku atatu osagona n'komwe. Masana, maola awiri alionse, ankawayesa. Mayeso amodzi anali ophweka kwambiri: khala patsogolo pa sikirini, manambala akangoyamba kuyenda dina batani msanga, kwa mphindi 10. Ukachedwa kupitirira theka la sekondi, amalemba kuti waphonya. A maola 8 sanasinthe kwenikweni. A maola 6 ankaphonya mowonjezereka tsiku lililonse, ndipo pofika kumapeto kwa sabata yachiwiri anali ngati munthu amene wachezera usiku wonse osagona. A maola 4 anafanana ndi amene wakhala usiku uwiri osagona.

Koma choopsa chenicheni chinali china. Ankawafunsanso kuti anene okha kuti akumva tulo motani. Masiku oyambirira ankati inde tatopa, koma kenako mayankho awo anangokwera pang'ono n'kukhazikika, pamene zolakwa zawo zikupitirira kuchuluka. Ankamva ngati azolowera. Chimene chinazolowera ndi kumva kwawo, osati luso lawo. Apa ndi pamene pagona vuto lonse: chiwalo chimene chiyenera kukuuzani kuti ntchito yanu yatsika ndi chomwecho chimene chatopa. Alipodi anthu obadwa ndi jini yowalola kugona maola ochepa popanda vuto, monga amene Ying-Hui Fu anawapeza ku San Francisco mu 2009, koma ndi ochepa kwambiri. Kwa akuluakulu ambiri, mabungwe a madokotala a za tulo ku America anagwirizana mu 2015 kuti pamafunika maola 7 kapena kuposa.

Drew Dawson ndi Kathryn Reid a ku Australia anayerekeza kusagona ndi mowa mu 1997. Munthu amene wakhala maso maola 17 ankachita mayeso a maso ndi manja mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo pofika maola 24 zinkafanana ndi 0.10 peresenti. Werengani nokha: ngati munadzuka 5 koloko m'mawa, maola 17 amakwana 10 koloko usiku. Imelo ija mumalembera bwana 11 koloko, kapena maakaunti amene mukuwerengera pakati pausiku, mukuzichita muli mumkhalidwe umenewo. Pamsewu zimaposa apa. Ubongo wotopa umazima kwa masekondi ochepa mwini wake osadziwa, nthawi zina maso ali chitsegulire. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita pafupifupi 67 m'masekondi atatu.

Kwa ophunzira nkhani yake ndi yowawa, chifukwa amachezera ndi cholinga chabwino. Mayeso a MSCE akayandikira, mumamva za ana oviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asawodzere. Koma ubongo umasunga zimene waphunzira munthu ali m'tulo, ndipo umafunanso tulo kuti ulandire zatsopano. Mu 2007 Seung-Schik Yoo, Matthew Walker ndi anzawo anapeza kuti ubongo wa anthu amene anachezera usiku umodzi sunkasunga bwino zithunzi zatsopano zimene anawaonetsa mawa lake, poyerekeza ndi anzawo amene anagona. Chaka chomwecho anaonetsanso kuti amygdala, mbali ya ubongo yokhudza mantha ndi mkwiyo, inkatakasika kwambiri ndi 60 peresenti mwa osagona akaona zithunzi zosautsa. Ndiye musadabwe kuti tsiku lotsatira mumapsa mtima ndi kondakitala pa nkhani ya chenji. Ku Lübeck m'dziko la Germany, Ullrich Wagner, Jan Born ndi anzawo anapatsa anthu masamu amene anali ndi njira yachidule yobisika. Mwa amene anagona asanabwerezenso, pafupifupi 6 pa 10 alionse anaitulukira. Mwa amene sanagone, sanafike ndi 3 pa 10 omwe. Ndipo ku Los Angeles, Cari Gillen-O'Neel ndi anzake atatsatira ana a sekondale oposa 500, anapeza kuti masiku amene mwana wadula tulo kuti awerenge kwambiri, mawa lake ndi pamene amavutika kumva za m'kalasi ndi kulemba mayeso.

Kuti kuwonjezera maola sikuwonjezera zokolola n'nkhani yakale. John Pencavel wa ku Stanford anasanthula mabuku a mafakitale opanga zida ku Britain pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo anapeza kuti kupitirira maola pafupifupi 49 pasabata, ola lililonse lowonjezera linkabala zochepa, moti wogwira maola 70 sankasiyana kwenikweni ndi wogwira 56. Bungwe la RAND Europe linayerekeza mu 2016 kuti kusagona mokwanira kumatayitsa America ndalama zofika madola 411 biliyoni pachaka ndi Japan madola 138 biliyoni. Ziwerengero zotere ndi zongoyerekeza, ndipo ndi za mayiko olemera.

Kafukufuku amene akufanana kwambiri ndi moyo wa anthu opeza movutikira anachitikira ku Chennai m'dziko la India, ndipo zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2021, zinadabwitsa ngakhale ofufuzawo. Pedro Bessone, Gautam Rao, Frank Schilbach, Heather Schofield ndi Mattie Toma analemba ntchito anthu 452 yolowetsa zinthu m'kompyuta kwa mwezi umodzi. Anthuwa ankakhala pabedi pafupifupi maola 8 koma tulo tenitenito tinali maola 5 ndi theka, todukaduka chifukwa cha phokoso, kutentha, udzudzu ndi kuthithikana. Ena anapatsidwa matiresi, mapilo, mafani, zotseka m'makutu, malangizo, ena mpaka ndalama akagona kwambiri. Tulo tinawonjezeka ndi mphindi 27 pausiku, koma ntchito siinapite patsogolo. Anangokhalitsa pabedi pa tulo tosapatsa mpumulo, nthawi yogwira ntchito n'kuchepa. Gulu lina linkaloledwa kugona theka la ola masana m'chipinda chabata kuofesi, ndipo amenewa ndi amene anasintha: chidwi chinakwera, mtima unakhala m'malo, ntchito ya pa ola inakwerako pang'ono, ngakhale kuti nthawi yogonayo inkadya maola a ntchito. Choncho kungouza munthu wokhala chipinda chimodzi ndi ana anayi, pafupi ndi bala yoimba mpaka mbandakucha, kuti "uzigona msanga," sikuthetsa kanthu. Kukoma kwa tulo n'kofunika mofanana ndi kutalika kwake.

Ambiri amadalira Loweruka ndi Lamlungu kuti abweze tulo timene anataya. Zimathandizako, koma osati zonse. Gregory Belenky ndi anzake mu 2003 anachepetsa tulo ta anthu kwa masiku 7, kenako n'kuwapatsa masiku atatu ogona maola 8, ndipo liwiro lawo pa mayeso silinabwerere pamene linali poyamba. Kugona mpaka 10 koloko Lamlungu kumasunthiranso wotchi kochedwa, ndiye usiku wake tulo osabwera, Lolemba n'kuyamba ndi mutu wolemera.

Zothandiza zilipo, ndipo zambiri sizichitika usiku. Nthawi yodzuka ikhale imodzimodzi masiku onse, chifukwa munthu sangadzilamule kugwidwa tulo koma angathe kudzilamula kudzuka. Kuwala kwa m'mawa kuli ndi mphamvu kuposa mmene timaganizira: Kenneth Wright atatengera anthu 8 kukagona m'matenti kumapiri a ku Colorado mu 2013, opanda tochi kapena foni, sabata imodzi yokha inabweza mawotchi awo ndi maola pafupifupi awiri, ndipo amene anasintha kwambiri anali ochedwa kugona aja. Ife dzuwa sitisowa, limatuluka pakati pa 5 ndi 6 koloko pafupifupi chaka chonse. Khofi ndi tiyi wamphamvu zithere masana. Chigamulo cha nthawi yosiya foni chipangidwe dzuwa likadalipo, monga kutchera alamu yokukumbutsani kukagona ndi kutchajira foni kutali ndi bedi, chifukwa munthu wa 11 koloko usiku sadalirika pa zigamulo. Amene maganizo amamuzinga akazimitsa nyale, kulemba papepala zimene ayenera kuchita mawa kumathandiza ena kupeza tulo msanga. Koma kwa mayi uja wa mbale ndi homuweki, zonsezi n'zachabe ngati sapeza ola lake penapake dzuwa lisanalowe, ndipo zimenezo zimafuna kuti wina m'nyumbamo atsuke mbalezo.

Mbali ina ili m'manja mwa olemba ntchito ndi oyendetsa sukulu. Ku France, kuyambira January 2017, lamulo limafuna kuti makampani a antchito 50 kapena kuposa akambirane ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga a kuntchito akaweruka. Pa fakitale ina ya zitsulo ya ThyssenKrupp ku Germany, Céline Vetter ndi Roenneberg anagawa mashifiti motsatira wotchi ya munthu aliyense, olawirira osawapatsa ya usiku, ochedwa osawapatsa ya m'mamawa, ndipo antchito anayamba kugona nthawi yotalikirapo masiku a ntchito. Ku Seattle, sukulu za sekondale zinasuntha nthawi yoyambira mu 2016 kuchoka pa 7:50 kufika pa 8:45. Ambiri ankaopa kuti ana angochedwa kwambiri kugona. Sizinatero. Nthawi yawo yogona siinasinthe kwenikweni, tulo tinawonjezeka ndi mphindi 34 pausiku, ndipo magiredi awo m'kalasi limene ofufuza ankalitsatira anakwera ndi 4.5 peresenti.